Ulendo wa ku Zomba ndi Chikumbu cha M'mitengo ya Mango

Ine ndine munthu wa mtima wapachala. Sindinyadira, koma sindibisanso, pakuti mtima umenewu ndi umene unandikweza lole ya nsomba ku Salima n'kukanditula ku Zomba, nditafungatira zikumbu ngati mayi wa khanda. Zinali zaka zoyambirira za Chitaganya, mwezi wa Novembala, mvula isanagwe.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ku ofesi ya zaulimi. Sekondale ndinaiponda, Chilatini ndinachilawako, choncho anandipatsa ntchito yogwira tizilombo toononga mbewu, kutibaya pa mapini ndi kulemba mayina ake pa timapepala. Anthu ankandiseka kuti bambo wandevu zake n'kumathamangitsa agulugufe ndi kaukonde. Ndinkawayankha, ndipo ena mpaka lero sandipatsa moni.

Chaka chimenecho nthambi za mango kwa Maganga, mpaka kutsikira ku Senga Bay, zinayamba kuuma. Ukathyola nthambi youma umapezamo mphako, utuchi, ndi mphutsi yoyera yonenepa. Ndinasunga nthambi zingapo m'zitini mpaka mphutsi zija zinasanduka zikumbu zotuwa, zazitali ngati chala, za nyanga ziwiri zopitirira thupi lake, nyanga za mfundo ngati nsungwi.

Tsono mumvetse apa, chifukwa mlandu wonse unagona pomwepa. Zikumbu zoterezi zilipo ziwiri zofanana ngati mapasa. China anachitcha dzina ndi Mfalansa, china Mjeremani. Mayina ake a Chilatini ndi aatali, sindikuvutitsani nawo; mu ofesi tinkangoti cha Mfalansa ndi cha Mjeremani. Cha Mfalansa chimaboola mtengo wamoyo mpaka kuupha, ndipo dzina lake linali pa mndandanda wa boma: kumene chapezeka, mitengo idulidwe ndi kutenthedwa. Cha Mjeremani chimangolowa m'nthambi imene yauma kale. Kusiyana kwake n'kochepa. Cha Mjeremani chili ndi kamkombero koyera pa mfundo yachitatu ya nyanga, ndipo minga ya pakhosi pake ndi yobuntha.

Mzungu wathu tinkamutcha Nkhwazi chifukwa cha mawu ake. Lachisanu lina nditamuonetsa zikumbu zija anatsegula buku, n'kuyang'ana chithunzi kamodzi kokha, n'kutseka.

"Cha Mfalansa. Lemba choncho, Mbewe."

"Bwana, tengani galasi muone nyanga."

"Ndati lemba."

Ndinamenya tebulo mpaka botolo la inki linadumpha. "Bodza sindilemba! Inu mwaona chithunzi, ine ndaona chikumbu!"

Makalaliki onse anaweramira pa mapepala awo ngati akupemphera. Nkhwazi anafiira mpaka m'makutu. Ndinkayembekeza kuti akuwa, koma analankhula motsitsa, ndipo n'zimene zinandiopsa.

"Nkhwangwa ziyamba Lolemba, sabata la mawa likatha. Masiku khumi. Pita kwa dotolo wa tizilombo ku Zomba. Akanena kuti walakwa, nkhwangwa yoyamba udzagwira ndiwe, ndipo ukadzatha udzasiye yunifolomu pakhomo apo."

Nditatuluka m'pamene mkwiyo unazirala, mantha n'kulowa m'malo mwake. Kwa Maganga ndi kumene ndinakwatira. Mango a kumeneko si chakudya chongosangalatsa pakamwa. Ndi amene amaolotsa anthu miyezi imene nkhokwe zapepuka, ndipo amene anaona njala yaikulu ija amadziwa zimene ndikunena. Nthawiyo anali atakula ngati mazira a nkhuku. Ndinadziona nditaima ndi nkhwangwa pa mtengo wa pabwalo pa apongozi anga, mudzi wonse ukundiyang'ana.

Sitima yapamtunda inali itapita dzulo lake, yotsatira ikanandichedwetsa. Kalata ya Nkhwazi yopita kwa dotolo ili m'thumba, ndinalongedza zinthu zitatu. Choyamba bokosi la matabwa, m'mene ndinabayamo zikumbu zisanu ndi chimodzi pa mtima wa phesi la chimanga, nyanga nditaziyala bwinobwino. Chachiwiri chitini cha koko choboola timabowo, muli zikumbu ziwiri zamoyo, chachimuna ndi chachikazi, nditagawa pakati ndi katoni kuti zisalumane nyanga. Chachitatu botolo langa la ntchito, la pakamwa papakulu, la poizoni wophera tizilombo, lojambulidwa chigaza papepala, limene ndinaliika m'chikwama. Botolo limeneli wogwira tizilombo sasiyana nalo, monga m'misiri sasiyana ndi sompho. Ndikanadziwa ndikanalisiya.

Loweruka m'mawa ndinakwera lole ya Mmwenye wina yonyamula usipa wouma kupita ku Lilongwe. Masheleni atatu, kukhala pamwamba pa madengu. Mwa okwera munali Che Bwanali, malume ake a mkazi wanga, Msilamu wa mkanjo woyera, wogulitsa nsomba kuyambira ine ndisanabadwe. Mkamwini ndi apongozi kukhala bondo ndi bondo si zinthu zoyenera, koma lole sidziwa mwambo.

"Akamwini," anatero akuyang'ana kumbali, "mitengo yathu yonse ili m'kachitini kameneko?"

"Ili mmomo, apongozi."

"Ndiye gwiritsani."

Msewu unali fumbi lokhalokha. Lole ikagunda dzenje ndinkanyamula bokosi m'mwamba kuti manja anga alandire kugwedezekako, chifukwa nyanga ya chikumbu chouma imathyoka ngati kamtengo ka machesi. Tisanafike patali mikono inali itachita dzanzi.

Patsinde pa mapiri panali chipata cha kashembe. Achinyamata a lero simuchidziwa. Galimoto iliyonse yochokera kunyanja inkalowa m'chishedi cha malata, n'kutseka zitseko, n'kupopera mankhwala kuti kashembe asakwere kumtunda kukapha ng'ombe. Anthu ankatsika, mlonda n'kumawazungulira ndi kaukonde, kuyang'ana kumsana ndi pansi pa zipewa. Katundu yense ankatsala m'galimoto. Ine, munthu wa tizilombo, chipata chimenechi ndinali nditachiiwala. Nditaona chishedi chija ndinapanikiza chitini m'khwapa. Mankhwala ophera kashembe safunsa kuti iwe ndiwe chikumbu cha Mfalansa kapena cha Mjeremani.

"Katunduyo atsale m'lole, bambo," anatero mlonda.

"Ndi katundu wa boma."

"Nanenso ndine wa boma. Atsale."

"Iwe, umadziwa kuwerenga? Taona kalata iyi!"

"Kalata ilowenso m'shedi ngati mukufuna."

Ndinayamba kutukusira, mawu akukwera. Pamenepo ndinamva phazi likundiponda, ndipo chitini chinachoka m'khwapa mwanga mwakachetechete. Che Bwanali anadutsa patsogolo panga akutsimphina, atagwira pamimba, mkanjo utatukumuka pang'ono. Ndinamvetsa. Ndinapitiriza kukangana za bokosi la zouma lija, limene mankhwala sakanalichita kanthu, kenaka n'kugonja mwamanyazi abodza.

Koma zikumbu zimenezi zikagwedezeka zimalira. Zimakhulitsa khosi pa thupi, n'kumveka kamawu kosongoka. Mlonda atafika kumsana kwa Che Bwanali, pansi pa mkanjo panamveka tswii, tswii.

"Chikulira n'chiyani, agogo?"

Thukuta linandiyenderera mpaka m'nsapato.

"Mwana wanga," anatero Che Bwanali ndi nkhope ya pamaliro, "ukadzafika msinkhu wanga nyimbo zimenezi udzaziimba nawenso. Ndi nyemba za dzulo."

Amayi awiri amene tinali nawo anaseka mpaka kugwirana. Mlonda anabwerera m'mbuyo n'kutikweza dzanja kuti tidutse. Titakweranso, mkuluyo anandibwezera chitini osandiyang'ana.

"Astaghfirullah, Mulungu andikhululukire. Mwandinamitsa pa ukalamba, akamwini."

Tinakwera mapiri a ku Mvera lole ikubuula, kawiri konse tinatsika kukaika miyala kumatayala. Ku Lilongwe tinafika dzuwa litapendeka. Basi ya kumwera sinkayenda Lamulungu, choncho tinagona pakhonde pa sitolo ya mwini lole, pamodzi ndi madengu.

Apa ndiye ndinachita chinthu chopusa chimene mpaka lero chimandiwawa. Ku ofesi, miyendo ya tebulo la zikumbu imaima m'zitini za palafini, kuopa nyerere. Ine ndi amene ndinkathira palafiniyo Lolemba lililonse. Koma pakhonde paja, poopa kuti bokosi lingapondedwe, ndinaliika pamwamba pa dengu la usipa. M'mawa ndinaona mzere wa nyerere ukukwera dengu, kudutsa nsomba, n'kumalowa pa kampata ka chivundikiro. Ndinatsegula. Zinayi zinali zitatsala makoko, mitu itagwa, nyanga zili zidutswazidutswa pansi pa bokosi. Nyerere zina zinkakoka mwendo kulowera kukhomo ngati amuna onyamula mtanda wa denga.

Ndinatukwana mawu amene sindingalembe pano, pa tsiku la Mulungu, anthu akupita ku tchalitchi. Che Bwanali anadikira kuti ndithe.

"Zatsala zingati?"

"Zouma ziwiri, zamoyo ziwiri."

"Ndiye mukutukwana ndani? Nyerere yadya chimene mwaiikira." Kenaka anati, "Pali mawu amene sindinafune kukuuzani panjira. Kumudzi akuti nkhwangwazi mwaziitana ndinu. Akuti mukanapanda kuyenda ndi kaukonde kanu m'mitengo yathu, mzungu sakanadziwa kuti muli chilombo. Zikakanika ku Zombako, pobwera musadzere kumudzi. Ana tidzakutumizirani."

Tsiku lonse la Lamulungu ndinakhala pakhonde paja mawu amenewo akundizungulira m'mutu. Choipa chake n'chakuti anthuwo sankanama.

Lolemba ndinatsanzikana ndi apongozi n'kukwera basi. Kutsogolo kunali mipando ya khushoni, ife kumbuyo pa mabenchi a matabwa, nkhuku pansi, njinga pamwamba. Pambali panga panakhala bambo wina wa jekete la usilikali lothetheka m'zigongono, amene anati anamenya nkhondo ku Burma ndipo aliyense azimutcha Kopolo. Ankanunkha kachasu nthawi ya kadzutsa.

"Achimwene, m'bokosimo muli ndalama?"

"Ayi."

"Nanga m'chitinimo?"

"Si zanu."

"Ee, a boma amenewa. Kuyankha ngati akulipira mawu."

Msewu wa pakati pa Nathenje ndi Dedza unali wa mizeremizere ngati lata. Mano ankagundana, mawindo ankalira. Ndinanyamula bokosi m'mwamba mpaka mapewa anayaka moto, koma titaima pa Dedza kuti anthu agule mbatata, ndinasuzumira ndi kupeza nyanga zonse zinayi zitagwa. Ndinayesa kuzitola ndi nsonga ya pini yonyowetsa ndi malovu. Sizikanathandiza. Dotolo aliyense akanafunsa kuti nyanga iyi inachoka pa mutu uti, ndipo ine ndikanalumbira chiyani? Bokosi linasanduka katundu wachabe. Mango onse a kwa Maganga tsopano anali pa nyanga za zikumbu ziwiri zamoyo.

Titadutsa Lizulu, chakumadzulo, pansi pa basi panamveka phwaa, ndipo inapendekera kumanzere n'kuima. Sipuling'i inali itathyoka. Dalaivala anakwawira pansi, anatuluka akupukusa mutu, n'kutumiza uthenga ku Ntcheu ndi lole imene inadutsa. Anati chitsulo chibwera mawa. Mawa lake linakhala Lachitatu masana.

Kudikira kumeneko sindidzakuiwala. Tinali pamtunda pafupi ndi Mlangeni, mphepo ikuwomba kuchokera ku dziko la Apwitikizi, ife a kunyanja tikunjenjemera m'malaya amodzi. Anthu a m'mudzi wapafupi ankabwera kudzagulitsa mbatata yootcha ndi mapichesi aawisi. Ine ndinkawerenga masiku pa zala, n'kubwerezanso, ngati kuti pena ndipeza chala chowonjezera. Lachiwiri m'mawa ndinagwedeza chitini, osamva kanthu. Ndinagwedezanso. Zii. Ndinapita kuseri kwa chulu, n'kutsegula pang'ono: zonse ziwiri zili gada, miyendo itapindika. Ndinakhala pansi. Ndinayamba kale kuganiza zoti ndingopitirira ku Halale, ndikalembe kalata ndili kumeneko. Kenaka nzeru za ntchito zinabwerera: kachilombo ka kunyanja kotentha kakazizidwa kamauma ngati kafa. Ndinalowetsa chitini m'malaya, pakhungu penipeni, n'kukhala chogwada padzuwa. Patapita nthawi yaitali ndinamva kukanda pang'ono pa lata. Kuyambira pamenepo chitini sichinachokenso pachifuwa panga.

Anthu akadikira nthawi yaitali nkhani zabwino zimatha, zimatsala zoopsa. Masiku amenewo dziko lonse linkanong'ona za chifwamba. Ankati pali anthu akuda olembedwa ntchito ndi azungu, amene amayenda m'misewu ndi mankhwala. Akakununkhitsa umagona, n'kukunyamula pa galimoto yotseka, ndipo abale ako sadzakuonanso. Ena ankati nyama ya m'zitini imachokera kumeneko. Mayi wina wonenepa wa ku Balaka, amene ankachokera kokaona mwana wake ku Kasungu n'kumapitirira ku Zomba, anati kwawo asowa kale anthu awiri. Kopolo anati iye anaiona ndi maso galimotoyo.

Munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinati, "Zopusa basi. Anthu akuluakulu kumakhulupirira nthano za ana."

Onse anatembenuka. Anayang'ana kabudula wanga wa khaki, masokosi a boma, bokosi lotseka, ndi dzanja langa limene linali pachifuwa nthawi zonse.

"Inu mukudziwa bwanji kuti n'zopusa?" anafunsa mayi wa ku Balaka uja.

Basi itakonzedwa, benchi yanga inali ndi malo ambiri kuposa poyamba. Kopolo yekha ndi amene sanasunthe.

Tinagona ku Ntcheu, ndipo Lachinayi chakum'mawa tinatsikira kuchigwa. Pa Liwonde panalibe mlatho nthawi imeneyo. Magalimoto ankaoloka Shire pa pantoni, amuna akukoka chingwe ndi manja. Tinapeza mzere wa malole, pantoni ikutenga imodziimodzi, galimoto za azungu zikulowerera kutsogolo. Kutentha kwake kunali kwa kwathu, kapena kuposa. M'chitini munayamba phokoso, kukanda ndi kulira osaleka. Tinadikira kuyambira dzuwa lili pamapewa mpaka litafika paliwombo.

Ludzu litandikulira, ndinasiya chikwama pa benchi n'kutsikira kwa mayi wina wogulitsa thobwa pansi pa mtengo. Ndisanamalize chikho, ndinacheuka. Kopolo anali ataima pakhomo pa basi, chikwama changa chili pansi chotsegula, botolo la poizoni lili m'manja. Anali atachotsa chotsekera, akulitengera kumphuno.

Sindikumbuka kuthamanga. Ndikukumbuka khofi limene ndinamumenya padzanja, botolo n'kugwera pamchenga, ine n'kulivundikira ndi chipewa.

"Chitsiru iwe! Ukufuna kufa?"

Koma anali atakokako pang'ono. Anadzandira, anakhala pansi, anayamba kutsokomola, maso ali psuu.

"Mutu… mutu ukuzungulira…"

"Mayo ine!" Anali mayi wa ku Balaka uja. "Wamununkhitsa! Ndinanena ine! Wachifwamba!"

Mawu amenewo anayenda pa doko lonse ngati moto wa lupsa. Anthu anatuluka pansi pa malole, m'misasa ya nsomba, m'mabwato. Wina anakankha chipewa changa ndi ndodo, chigaza cha papepala chija n'kuonekera. Phokoso linakwera. Ndinaona nkhafi, ndinaona chikwanje, ndinaona mnyamata wa ndevu zongomera akusankha mwala. Kumbuyo kwanga kunali basi, kutsogolo anthu, kupitirira anthuwo Shire ndi ng'ona zake.

"Ndi mankhwala a tizilombo! Ndine wa zaulimi! Kalata iyi!"

"Onse amayenda ndi makalata!"

"Akuti ndi nthano za ana, lero tiona nthano!"

"M'madzi ameneyo!"

Mtima wapachala uja, umene unamenya tebulo la mzungu, unathawa n'kundisiya ndekha. Ndipo pa nthawi yoipa imeneyo, phokoso litatsika pang'ono, pachifuwa panga panamveka tswii, tswii, tswii.

Amene anali pafupi anabwerera m'mbuyo.

"Ali ndi chinthu m'malaya! Chikulira!"

"Tulutsa!"

Ndinatulutsa chitini.

"Tsegula!"

"Abale anga, ndapota nanu. Ndikatsegula zithawa. Muli zikumbu, ndikupita nazo ku Zomba. Zikathawa mitengo ya kwathu idulidwa."

Ndani akanamva zimenezo? Ngakhale kwa ine ndemwe zinamveka ngati bodza la munthu wogwidwa. Wa chikwanje anasendera. Ndinagwada pansi, n'kukanula chivundikiro ndi chikhadabo, chikhatho chili pamwamba.

Dzuwa la pa Liwonde linali litazipatsa mphamvu. Chachimuna chinatulukira pakati pa zala zanga, chinakwera pa mkono, chinatambasula mapiko, vuuu, n'kudutsa pamwamba pa mitu ya anthu kulowera kutsidya. Ndinachiyang'ana mpaka chinasowa. Chachikazi chinali kale pamlomo pa chitini. Ndinachimbwandira popanda luso lililonse limene ndinaphunzira, ndipo ndinamva nyanga imodzi ikuthyoka m'manja mwanga. Chinandiluma pa chala chachikulu, mano ake odulira mtengo n'kulowa mpaka magazi. Sindinachisiye. Ndinachikweza m'mwamba, magazi akuyenderera m'khwapa, ndikulira ngati mwana.

"Ndi ichi! Ndi ichi chokha!"

"Tapatukani, tapatukani." Anali mmodzi wa okoka pantoni, bambo wamfupi wa chifuwa chachikulu, thukuta lili chuchuchu. Anali atakwiya chifukwa ntchito inaima. Anagwira dzanja langa, n'kuliweramitsa, n'kuyang'anitsitsa.

"Ichi? Chimene mukufuna kupherana n'chimenechi? Ichi chili mbwee m'nkhuni zanga kuseri uko. Akazi anga amachitaya ndi tsache." Anandiyang'ana kumaso. "Mwachokera nacho kuti, bambo?"

"Ku Salima."

"Ku Salima! Masiku angati?"

"Asanu ndi limodzi."

"Ndipo boma limakulipirani?"

Wina anaseka kumbuyo. Kenaka wina. Kopolo, amene anali atamwetsedwa madzi, anadzuka n'kunena kuti iye ankangofuna kulawa, ankayesa ndi kachasu wa a boma, ndipo ku Burma ananunkhiza zoposa pamenepo. Mayi wa ku Balaka anapitiriza kunena kuti wachifwamba akhoza kusunganso chikumbu, koma anthu anali atayamba kubalalika. Dalaivala anatola botolo ndi chiguduli, analitseka, n'kulitsekera m'bokosi la masipanala.

"Mukalandira ku Zomba. Ndipo pakamwa panupo mutseke mpaka tikafike."

Ndinatseka. Pa pantoni sindinayang'ane madzi. Ndinali kuyang'ana nyanga imodzi imene inatsala, kuwerenga mfundo zake: yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Kamkombero kanalipo.

Ku Zomba tinafika madzulo, ndinagona kwa mnzanga wa kusukulu. Lachisanu m'mawa ndinakwera chitunda kupita ku nyumba ya tizilombo. Anandilandira a Mposa, wothandiza wa dotolo, bambo wa imvi mutu wonse, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuyeza mawu pa sikelo. Anayang'ana chala changa chomanga ndi nsanza, bokosi la makoko, ndi chitini.

"Mwayenda, a Mbewe."

"Ndayenda, bambo."

Dotoloyo anali kamzungu kokalamba, ka kabudula wamkulu ndi kaliwo wozima pakamwa. Anawerenga kalata ya Nkhwazi. Anatenga chikumbu changa, chimene ndinachifunditsa ndi thupi langa pa Mlangeni, n'kuchiponya m'botolo lake ngati kanthu wamba. Chitaleka kuphupha anachiika pansi pa makina okulitsira. Anayang'ana nthawi yaitali. Ine ndinaima, a Mposa atandipatsa mpando kawiri.

"Kamkombero koyera pa mfundo yachitatu," anatero. "Minga yobuntha. Maso ako ndi abwino."

Ndinatsala pang'ono kugwa ndi chimwemwe. "Ndiye ndi cha Mjeremani, bwana!"

"Chikanakhala cha Mjeremani chaka chatha."

Anapita pa shelefu n'kutsitsa timabuku tiwiri tamapepala opyapyala. Anati katswiri wina wa ku London walemba kuti zikumbu ziwirizi ndi chimodzi, kuti kamkombero ndi minga zimangosiyana monga anthu amasiyanirana mphuno. Ndipo lamulo la mayina limati chinthu chimodzi chikapezeka ndi mayina awiri, lakale ndilo limakhala, latsopano limafafanizidwa.

"Lakale ndi liti, bwana?" Ndinafunsa ndikudziwa kale.

"La Mfalansa."

Chipinda chinazungulira monga unazungulirira mutu wa Kopolo. Nyerere, chisanu, chikwanje cha pa Liwonde, zonsezo kuti munthu amene sanapondepo kwa Maganga andigonjetse ndi cholembera ali kutsidya la nyanja. Mtima uja unabwerera pa nthawi imene sindinaufune.

"Ndiye anthu adzadye chiyani mu Januwale? Timabuku tanuti? Munthu wa ku London ameneyo anathyolapo nthambi ya mango? Ine ndathyola mpaka manja matuza! Mukufuna kupha mitengo chifukwa cha dzina!"

A Mposa ankandikoka malaya kumbuyo. Ndinadziwa kuti ndadzimaliza ndekha. Koma kamzunguko kanachotsa kaliwo pakamwa n'kundiyang'ana ngati kaona kachilombo katsopano.

"Nthambi zamoyo unazing'amba?"

"Zambiri, bwana."

"Unachipezamo?"

"Ngakhale kamodzi. M'zouma mokha."

Analemba zimenezo. Kenaka anatsegula kabuku kachiwiri, n'kundionetsa dzina la wolemba. Linali lake. Anati iye ndi wa ku London uja akhala akutsutsana za zikumbu zimenezi kwa nthawi yaitali, ndipo wina wa ku Paris walowererapo kumbali ya dotoloyo. Mlandu ungathe pokhapokha wina ataika pamodzi zikumbu zoyambirira zenizeni, chimene Mfalansa anagwira m'manja potcha dzina ndi chimene anagwira Mjeremani. Cha Mfalansa chilipo. Cha Mjeremani chinali m'nyumba imene inapsa pa nkhondo, ndipo palibe akudziwa ngati chinapulumuka.

"Choncho dzina limene ukunena iwe sindingalembe. La bwana wakonso sindingalembe."

Anatenga kapepala, analemba dzina la banja la zikumbuzo, n'kuika chizindikiro cha funso pambali pake. Ine sindinamvetse ngati ndapambana kapena ndagwa.

"Nanga nkhwangwa, bwana?"

"Lamulo la boma limadula mitengo chifukwa cha dzina limene lili pa mndandanda. Ine dzina sindinapereke. Mposa, tumiza lamya ku Salima: dzina silinadziwike, musadule, chikumbu chikupita ku Ulaya."

Mpando umene ndinaukana kawiri ndinaukhalira ndekha. Tili panja ndinafunsa a Mposa kuti yankho la ku Ulaya limatenga nthawi yotani.

"Chimene tinatumiza komaliza pa mlandu wotere," anatero akusisita mutu, "ndinachikulunga ndili ndi tsitsi lakuda."

Pobwerera ndinakakwerera sitima ku Balaka, ndipo palibe chonena. Nkhwazi sanandipatse moni mpaka Khirisimasi, koma yunifolomu sanaitchulenso. Mvula inagwa, nthambi zouma tinazidulira ndi kuzitentha, mitengo inaphuka. Kunena zoona, zinandiwawa kuti dzina langa la Mjeremani silinalembedwe. Ndinkafuna kulowa mu ofesi ndi pepala m'manja, makalaliki onse akuona.

Ndinakadandaula zimenezi kwa Che Bwanali tsiku limene ndinafika kumudzi. Ndinawapeza pamkeka akusenda mango oyamba ndi kampeni.

"Tsono dzina lake akuti ndani, akamwini?"

"Palibe, apongozi. Azungu akukanganabe. Wa ku London akuti ichi, wa ku Zomba akuti icho."

"Akagwirizana?"

"Akagwirizana mokomera wa ku London, nkhwangwa zibweranso."

Anasiya kusenda. Anayang'ana m'mwamba m'mitengo, kenaka kwa nthawi yoyamba chikwatirire ine anandiyang'ana m'maso.

"Ndiye chonde, akamwini, pasapezeke munthu wokawayanjanitsa."